Magalasi m'botolo la chidulo

Alamu anga, achemwali awo a amuna anga, anafika ku Joni m'mwezi wa Meyi, ine ndili ndi pakati pa miyezi inayi. Amuna awo anali atamwalira chaka chapitacho, ndiye anati abwera kudzafuna ntchito yochapa ndi kusita. Anatsika basi ndi chikwama chimodzi chamizeremizere ndi kathumba ka therere louma. Ndinawalandira ndikumwetulira mano onse ali pamtunda, koma mumtima ndinali ndi funso limodzi lokha: abwera okha amayiwa, kapena atumidwa?

Musandiweruze msanga. Ndinali nditapita padera kawiri. Ndipo ine ndine munthu wopisa m'matumba a jekete la mwamuna, sindibisa. M'menemo ndi m'mene ndinapezamo kalata ya apongozi anga yochokera ku Chikwawa, yofunsa mwana wawo kuti, kodi kumeneko mbewu sizimera? Mzere wotsatira ankanena za mtsikana wina wa m'mudzimo, woti ngwaulemu ndiponso wathanzi. Kalatayo ndinaibwezera m'thumba momwe inaliri, koma mawu ake ndinawaloweza ngati vesi. Sipanathe miyezi itatu, alamu ndi awa pakhomo.

Tinkakhala ku Primrose, kachipinda kamodzi kuseri kwa nyumba ya mwini malo, amene kuno timati mastandi. Bedi, tebulo, pulayimasi, ndowa ziwiri, basi. Tinamanga chingwe n'kupachikapo zitenje, alamu n'kumagona tsidya linalo pa matiresi. Mapepala analibe. Masiku amenewo apolisi ankangokuyang'ana khungu, n'kukufunsa dzina la chigongono m'Chizulu, ukangokakamira lilime wakwera galimoto yawo. Choncho alamu kunja kwa chipinda chathu analibe kwina kolowera. Ine ndinkadziwa zimenezo, iwonso ankadziwa.

Chimene chinkandisowetsa mtendere chinali ubwino wawo. Munthu wanji wosakwiya? Ndikadzuka ndipeza atunga kale madzi pampopi. Ndikati ndiwerame ndikolope, andilanda chikolopa. "Alamu, khalani pansi, musamadzivute." Ine n'kumati mumtima, ehe, chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Akamaphika ndinkakhala pabedi moti maso anga azifika mumphika. Akandipatsa tiyi ndinkadikira kuti ayambe iwo kumwa.

Mimba imeneyo inandipatsa nkhuli imodzi yokha, therere. Osati therere wamba, koma lophikira chidulo. Soda wa m'sitolo anali mbwee, koma ndikangomva fungo lake mseru. Ndinkalira misozi yeniyeni chifukwa cha therere, mkazi wamkulu ndithu. Alamu anati vuto palibe, bola phulusa lipezeke. Koma phulusa ku Primrose mulipeza kuti? Tsiku lina anapita kwa mayi wina wa kutchalitchi kwathu ku Wattville n'kubwera ndi phulusa la malasha a m'mbaula. Atalicheza madzi anatuluka opanda ukali uliwonse, onunkha ngati njanji. Anataya akuseka, amvekere, "Dziko lino ngakhale phulusa lake ndi lachabe."

Amuna anga ankagwira ntchito ya m'dimba kwa azungu ena ku Bedfordview. Nthawi yozizira itafika, abwana awo anayamba kuwotha moto wa nkhuni m'nyumba, ndipo amuna anga ndi amene ankawola phulusa. Loweruka lina anabwera nalo thumba lathunthu pa tekisi, anthu akuwayang'ana ngati amisala.

Alamu anaboola chitini cha penti chotsukidwa bwino ndi msomali, n'kuyala kansalu pansi pake, n'kudzazamo phulusa. Anathira madzi pamwamba, pansi n'kutchera beseni. Madzi ankalowa oyera n'kumadontha ofiirira ngati tiyi wopanda mkaka, oterera pakati pa zala. Phulusa lenilenilo linkatsala m'chitini, makala ndi mchenga womwe, koma mphamvu yake inkapita ndi madzi. Kwathu umacheza chidulo chokwana mphika umodzi, mawa ucheza china, poti phulusa silisowa. Kuno anacheza thumba lonse tsiku limodzi, mpaka ndowa zonse ziwiri zinadzaza. Ndiye tisamba ndi chiyani? Alamu anaganiza zoti aziwiritse. Anatha tsiku lonse pa pulayimasi, akuthira, chikuphwera, akuthiranso, mpaka ndowa ziwiri zija zinakwana m'botolo limodzi lalikulu la zakumwa. Anathiramo chikadali chofunda, ndipo ndinaona ndi maso angawa kuti munalibe kanthu, chinali madzi okhaokha. Analiika pawindo n'kunena kuti supuni imodzi izikwana mphika.

Therere limenelo ndinadya masiku atatu otsatizana, mpaka kunyambita mbale. Ndinatsala pang'ono kuwakonda.

Kenako kunabwera chisanu cha mu Julayi chimene sindidzachiiwala. Ife a ku Chikwawa kuzizira timangomva kwa anthu. Kuno m'mawa udzu unkachita kuyera, mpopi wapanja osatulutsa madzi mpaka dzuwa litakwera. Lachinayi m'mawa, amuna anga atapita ku ntchito, alamu atapita ku ganyu yawo yochapa, ndinatenga botolo lija kuti ndiphikeko ndekha. Nditalipendeketsa ndinamva kuti tseketseke pansi pake. Ndinaliyang'anitsa padzuwa. Mayo ine! Pansi pa botolo panali tinthu tonyezimira, tosongoka, tina ngati njere za mpunga, tina ngati chikhadabo cha mwana.

 Azimayi kutchalitchi ankakamba za mkazi wina wa ku Germiston amene anaperera mnzake botolo m'chakudya, mnzakeyo n'kumasanza magazi mpaka kufa. Sindikudziwa ngati zinachitikadi, palibe amene ankamudziwa dzina, koma aliyense ankaidziwa nkhaniyo. Ndinasefa chidulocho pa kansalu, n'kubwezera madzi m'botolo, tinthu tija n'kutikhuthulira pasosa. Ndinagogoda kamodzi ndi supuni, kanali kolimba. Ndinakakanikiza ndi chala, kanandibaya. Magalasi. Masiku atatu ndakhala ndikudya magalasi, ine ndi mwana wanga.

 Lero ndikudziwa kuti anali mantha, koma tsikulo ndinkamva ngati tikundicheka m'matumbo. Ndinakhala pabedi tsiku lonse dzanja lili pamimba, kuwerenga kugunda kwa mwana. Phukusi la moyo sakusungira ndi mnzako, ndinkadziuza choncho, ndipo ine chitsiru ndapereka langa kwa mlamu chifukwa cha therere.

Alamu ndi amuna anga anafikira limodzi madzulo, akuseka za kondakitala wina. Sindinawalole n'kukhala pansi komwe. Ndinaika sosa ija patebulo.

"Alamu, tandiuzani, ichi n'chiyani?"

Anawerama n'kuyang'ana. "Kaya. Mwazitenga kuti?"

"Muli kundifunsa ine? M'botolo lanu lija. Munacheza ndinu, munawiritsa ndinu, munatseka ndinu. Anakutumani kuti mudzamalize ntchito, eti? Kuti wathanzi uja abwere adzalowe m'nyumba muno?"

Amuna anga anati, "Mayi, tadekhani, mukunena chiyani kodi?" Ndinawauza za kalata ija mawu ndi mawu. Anatola kachidutswa kamodzi n'kukayang'ana pababu, n'kukabwezera mwakachetechete. Sananene kuti si galasi. Alamu anakhala pansi pamatiresi awo, manja ali pamutu. Anangoti, "Mulungu ndiye mboni yanga, alamu. Ine sindikuzidziwa zimenezi." Ndinawayankha kuti Mulungu asamulowetsemo, ndipo kuti m'chipinda muno mutsala mmodzi, iwo kapena ine.

Amuna anga anagwidwa njakata. Uku mkazi wapakati, uku mlongo wawo wa bere limodzi. Ankhoswe athu anali kutali ku Malawi, ndiye anati nkhaniyi tikaitule Lamulungu tikaweruka kutchalitchi, kwa mkulu wa mpingo wathu ku Wattville, bambo wachikulire wakwathu amene anabwera kale nthawi ya migodi. Mpaka tsikulo aliyense aziphika zake. Ndinavomera, sosa yanga n'kuibisa pansi pa bedi.

Lachisanu m'mawa nditatsala ndekha ndinaitulutsa. Tizidutswa tija tinali todetsedwa ndi chidulo chofiirira chija, ndipo ndinaopa kuti mkulu wa mpingo, maso ake okalamba aja, anganene kuti ndi timiyala chabe. Ndinkafuna kuti akaone galasi likuwala, pasakhale zokambirana. Ndiye ndinati nditsuke umboni wanga. Madzi a mu ndowa anali ozizira mopweteka zala, choncho ndinatenga otsala mu ketulo, otentha ndithu, n'kuthira m'kapu, n'kukhuthuliramo tonse. Ndinazunguza kapuyo pang'ono, n'kutembenuka kuti nditenge kansalu koyera. Ndinazunguzanso. Ndikuyang'ana, tayamba kuchepa, nsonga zikufufutika. Ndisanaganize chochita, m'kapu munatsala madzi okhaokha.

Mukuganiza kuti ndinazindikira pomwepo? Ayi ndithu. Ndinalumpha n'kukaima pakhomo, tsitsi lili nyaunyau. Ndinati, si mfiti yamasewera iyi, magalasi ake amathawa akamva kuti kukubwera mlandu. Ndinapemphera kumene. Mtima wokayikira ndi wotero, chilichonse chimene chachitika umachisandutsa umboni wake.

Koma ndinakhalako pasukulu mpaka fomu 2, ndipo mantha atatsikako pang'ono kamutu kanga kanayamba kugwira ntchito. Ndinatuluka n'kukatola botolo la mowa kuseri kwa chimbudzi cha mastandi, n'kuliphwanya ndi njerwa, n'kutola tizidutswa tating'onoting'ono. Ndinatiika m'kapu ina, n'kuthira madzi obwadamuka. Ndinatakasa mpaka dzanja kutopa. Tinali pomwepo, tikulira ngwerengwere, osachepa ngakhale pang'ono. Ndinabwerera ku kapu yoyamba ija, n'kuviika nsonga ya chala, n'kulawa. Kuwawa kwa mchere kosakanikira ndi kakhambi. Galasi lilibe kukoma.

Ndinatenganso botolo la chidulo lija. M'mbali mwake munali mutamatirira tina timene sitinatuluke posefa. Ndinaliimika mumphika wa madzi otentha ngati mmene amafunditsira botolo la mwana. Pang'ono ndi pang'ono nato tinasungunuka. Ndinalibwezera pawindo. Madzi a m'kapu yoyamba aja ndinawawiritsa m'kapoto mpaka kutsala ochepa pansi, n'kuwathira pasosa, n'kuika pawindo pomwepo kuseri kwa katani.

Loweruka m'mawa, chisanu chitachita zake, tinali titabwerera. M'botolo, ndi pasosa pomwe. Ta pasosa tinali toyera mbee, tokongola kuposa poyamba, tooneka ngati galasi kuposa galasi lenileni. Ndipo pasosa imeneyo panalibe dzanja la munthu wina limene linafikapo, koma langa.

Ndinakhala pansi n'kuzilumikiza ndekha. M'phulusa muli mchere wake, ndi umene madzi amatsuka n'kupita nawo pocheza. Madzi ali ndi malire a katundu amene angasenze, otentha amasenza wambiri, ozizira wochepa. Alamu anatenga mchere wa ndowa ziwiri n'kuupanikiza m'botolo limodzi uli wotentha, madziwo n'kuusenza. Kutazizira analephera, n'kutula wotsalawo pansi. Kwathu sitinazionepo chifukwa chidulo sitisunga, sitiwiritsa chotero, ndipo chisanu chotere kulibe. Nkhani yonse inali imeneyo.

Apa ndiye pamene pali tchimo langa, ndipo ndi chifukwa chake ndikulemba. Loweruka limenelo alamu sanapite ku ganyu. Anakhala kuseri kwa zitenje tsiku lonse, akupinda ndi kupindanso tizovala tawo. Panali masitepe atatu okha kuchoka pamene ndinakhala kufika pamene anali. Sindinawayende. Manyazi anali pamenepo, inde. Ndinali nditatchula munthu wamasiye kuti wakupha, pamaso pa mlongo wake. Koma panalinso china. Mtima unkandinong'oneza kuti, chabwino, magalasi sanaike, nanga kalata ija? Lero sanachite, mawa? Mwayi wowachotsa ndi uno, sudzaupezanso. Ndinakhuthulira tinthu tija m'kabokosi ka machesi n'kukaika m'chikwama changa cha kutchalitchi.

Lamulungu titaweruka tinakhala m'nyumba mwa mkulu wa mpingo, mbaula ya malasha ikufuka pakona. Analipo iwo, akazi awo, ndi ife atatu. Anatsegula ndi pemphero, kenako anati, "Amayi, yambani ndinu." Ndinafotokoza zonse bwinobwino, za kupita padera, za kalata, za therere, za Lachinayi m'mawa. Za Lachisanu ndi Loweruka sindinatchule. Ndinatsegula kabokosi n'kukhuthulira patebulo. Akazi a mkulu wa mpingo anagwira pakamwa, amvekere m'Chizulu, "Hawu, Nkosi yami!" Abambowo anavala mandala awo, n'kukankha kachidutswa kamodzi ndi chikhadabo, n'kupukusa mutu.

"Nanga inu amayi, mukutipo chiyani?" anafunsa alamu.

Alamu anayankha motsitsa mawu. "Abambo, ine mawu ndilibe. Botolo ndinakonza ndine, sindikana. Magalasiwa sindikudziwa kumene achokera. Ndaganiza masiku atatu, mwina botolo linali long'aluka m'kati, mwina m'phulusa munali zoswekasweka, koma ndinasefa pansalu. Sindikudziwa." Anatembenukira kwa mlongo wawo. "Achimwene, inunso mukukhulupirira?"

Amuna anga anayang'ana pansi. 

Alamu anawayang'ana nthawi yaitali. Kenako anati, "Chabwino. Ngati ndinafuna kudyetsa mwana wa mlongo wanga zimenezi, ndidye ndine." Anatambasula dzanja, n'kukokolola tonse tinali patebulo, n'kuponya m'kamwa.

Mvetsani bwino. Iwo sankadziwa zimene ine ndinkadziwa. Kwa iwo amenewo anali magalasi enieni, ndipo anawatafuna. Ndinamva kukukuta kwa mano. Akazi a mkulu wa mpingo anakuwa, amuna anga anadumpha n'kuwagwira chibwano akuti lavulani achemwali, lavulani, iwo atatseka pakamwa ndi manja onse awiri, misozi ikutsika, akumeza. Ine ndinali chikhalire. Sindikudziwa kuti panapita kanthawi kotalika bwanji, koma ndikudziwa kuti sindinalankhule nthawi yomweyo.

"Asiyeni," ndinatero. Mawu anatuluka aang'ono. "Asiyeni, safa. Si magalasi. Ndi mchere wa chidulo, umaundana kukazizira. Ukauthira madzi otentha umasungunuka."

 Alamu anachotsa manja pakamwa. Anayendetsa lilime m'kamwa, ndipo ndinaona pankhope pawo kuti akumva okha kuti zasungunuka, kwatsala kuwawa kokha. Akazi a mkulu wa mpingo anawapatsa madzi, anamwa, n'kupukuta milomo ndi nsonga ya chitenje. Sanakalipe. Bola akanakalipa.

"Alamu, mwadziwa liti?"

Ndikanatha kunama. Ndikanati pompano, nditaona kuti sakutuluka magazi. Koma anandiyang'ana m'maso, ndipo bodza linakana kutuluka.

"Dzana ndinayamba kuona. Dzulo m'mawa ndinatsimikiza."

"Dzulo m'mawa," anabwereza. "Ine ndili kuseri kwa nsalu paja."

"Eya."

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono ngati munthu amene wauzidwa njira ya kumsika. Mkulu wa mpingo anayamba kulankhula za kukhululukirana, anatsegula ndi Baibulo lomwe. Ine ndinagwada pasimenti, mimba ili kutsogolo, ndikulira, ndikuti alamu pepani, anali mantha, tiyeni kunyumba. Ndinkanena zoona, pa nthawi imeneyo ndikanawapatsa ndi bedi lomwe. Anandigwira mkono n'kundidzutsa, amvekere, "Dzukani, pansi pakuzizira, mungapweteke mwana." Kenako anatembenukira kwa akazi a mkulu wa mpingo n'kufunsa ngati pangapezeke pogona m'khitchini mwawo kwa masiku ochepa. Anapempha mlongo wawo kuti mawa lake awabweretsere chikwama chawo.

Tinabwerera ku Primrose pa tekisi, ine ndi amuna anga basi. Titafika anamasula chingwe chija, n'kupinda zitenje, n'kuimika matiresi kukhoma. Chipinda chinakula, ndipo ndinadana nacho. Patapita milungu ingapo tinamva kuti alamu apeza ntchito yogonera konko kwa amwenye ena ku Actonville. Kutchalitchi tinkaonana. Ankandipatsa moni waulemu wonse, kufunsa za m'thupi, n'kupita kukakhala benchi lina.

Mwana anabadwa mu Okutobala, wamkazi, wamphumphu, wolira ngati wabwerekera mapapo. Nditatuluka m'chipatala ndinatuma amuna anga kuti akawauze azakhali ake a mwana kuti abwere adzamuone, adzamutche ndi dzina lomwe. Ndinasesa, ndinagula nkhuku, ndinadikira Loweruka lonse khutu lili kugeti.

Amuna anga anabwera okha, atanyamula kaphukusi. Munali shawelo yoyera ya mwana, yodula, yoposa malipiro a mlungu wathunthu a munthu wochapa. Inali ikadali m'pulasitiki yake ya m'sitolo, yomata mbali zonse.

"Akuti akuthokoza Mulungu," anatero amuna anga, osandiyang'ana. "Akuti ndikuuzeni kuti sanaitsegule, mutsegule nokha, kuti mudziwe kuti sanaikemo kanthu."